Funsani Malume: nkhani ya makina olamula dziko, ndi za azungu zokha?

Malume, ine ndimakonda kulemba tinkhani pa foni, nde pano ndikufuna kulemba yoseketsa ya mtsogolo muno makina atalanda ntchito zonse mpaka ufumu wa m'mudzi, koma anzanga akundiseka ati zimenezo nza azungu, kuno magetsi amangothimathima nde lobotiyo izitchaja kuti? Ndisiye basi?
Mnyamata wa ku Zomba

Mphwanga, usasiye. Anzakowo akupatsa kale poyambira osadziwa. Tangoganiza amfumu a makina ali mkati moweruza mlandu wa malire a munda, angoti "wolakwa pamenepa ndi..." batire phyu, nde mudzi wonse ukhale pabwalo masiku atatu kudikira magetsi, uku onse awiri okanganawo akusakasaka jenereta mobisa kuti amfumu akadzuka akumbukire amene wawathandiza. Nkhani yayamba kale pamenepo.

Za azunguzo ndikutsutse pang'ono. Kuno loboti timadziwa magetsi a pamsewu aja, koma mawuwa anatchuka ndi sewero la Karel Čapek wa ku Czechoslovakia lotchedwa R.U.R., la mu 1920, ndipo anachokera ku mawu achi Czech akuti robota, ntchito yokakamiza imene alimi osauka ankagwirira eni malo. Si thangata ameneyo? Yemwe uja agogo athu ankalira naye m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu nthawi ya atsamunda. M'seweromo maloboti amapangidwa pafakitale kuti azigwira ntchito motchipa osadandaula, mapeto ake aukira. Nde funso linali lomwe lija lakalekale, akukhetsa thukuta ndani, akudyerera ndani.

Mlembi wina ndi Kurt Vonnegut wa ku America, iyeyu anagwirapo ntchito ku kampani ya General Electric mumzinda wa Schenectady nkuona makina akuyamba kuchita zimene amisiri ankachita ndi manja, mu 1952 anatulutsa buku la Player Piano. Mmenemo mainjiniya ndi mamanijala amakhala mbali imodzi ya mtsinje, ena onse tsidya linalo, ntchito yeniyeni alibe, boma limangowaponya ku usilikali kapena kokonza misewu. Pomwe pamandiseketsa ine mpakana lero ndi kumapeto, anthu aphwanya makina mokwiya, kenako omwewo ayamba kutola zidutswa nkumakonzanso, akunyadira kuti tayatsa!

Waona amene akusekedwa pamenepo? Ndi anthu, makinawo angokhala poti tipachikepo nkhani. Ukamalemba usataye mapeji kufotokoza mawaya ndi mabatani, owerenga agona. Tilembere bambo amene akufuna kupatsa makina ya fanta kuti fayilo yake iyende, makina akana, iye nkumadandaula kuti dziko laipa, ulemu unatha. Tilembere pamaliro, kompyuta yawerengera kuti aliyense alire mphindi 12 zokha chifukwa kupitirira apo chuma cha dziko chikutsika, nde azimayi a m'siwa akuchita kugulana mphindi. Ndipo mwini wake wa makinawo asasowe m'nkhanimo, amene sapezeka pabwalo koma ndalama zonse zimathera kwa iye.

Chimodzi chokha ndikupempha, amfumu a makinawo aziyankhula Chichewa chakuya, chamiyambi, koma aziiphonyetsa, kuika mwambi wa pa ukwati pa mlandu wa mbuzi, ndipo nduna zizivomerabe ndi m'manja poopa kuchotsedwa pa list ya feteleza.