Ndi ana a misinkhu imeneyo yambirani ku Zomba, Mulanje adikire kaye

Asisi, mwafunsa ngati n'zotheka kunyamuka ku Lilongwe pa galimoto yanu pa tchuthi cha Ogasiti, ndi ana a zaka 2, 4 ndi 7, kukaona phiri la Mulanje, komanso zoti mutenge. N'zotheka ndithu. Koma ndikanakhala ine ndikanakhotera ku Zomba, chifukwa phiri la Zomba galimoto imakwera mpaka pamwamba, pomwe la Mulanje limafuna miyendo.

Ku Mulanje msewu umathera m'munsi, ku Likhubula. Kuchoka pamenepo ndi mapazi okhaokha. Kuti munthu wamkulu, wamphamvu zake, akafike ku nyumba zogona za pamwamba monga ya Chambe kapena ya Lichenya, amatha maola angapo akulimbana ndi chitunda. Wa zaka 7 mwina angalimbe, koma wa zaka 4 adzayamba kulira kuti mum'bereke pasanathe ola limodzi, pamene kumsana kwanu kuli kale wamng'onoyo. Za Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, musaziganizire n'komwe. Nyengo ya kumtunda kuja imasintha mwadzidzidzi, chifunga chikatsika njira imasowa. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anafera komweko atapitiriza yekha ulendo popanda womulondolera, ndipo ameneyo anali munthu wamkulu wozolowera kuyenda.

Ku Zomba mumachoka m'tauni n'kukwera ndi msewu wa phula mpaka ku hotela ya Ku Chawe, pamwamba pa phiri. Ana amafika pamwamba asanatope, ndiye mphamvu zawo zonse amakathera pa zinthu zowasangalatsa. Damu la Mulunguzi, lomwe limapereka madzi mumzinda wa Zomba, lili pafupi, ndipo m'mbali mwake muli malo oti n'kuyala chitenje n'kudya. Mathithi a Mandala ndi a Williams mungafike poyenda pang'ono chabe kuchoka pomwe mwaimika galimoto. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa masitiroberi ndi mabulosi, ana amazikonda, koma muzitsuke ndi madzi anu a m'botolo musanawapatse. Anyani nawo alipo. Mwana asagwire nthochi kapena buledi m'manja anyani ali pafupi, amatsomphola, ndipo mwana akachita mantha pamenepo tsiku lonse lawonongeka.

Malo oonera patali ndi amene amafuna kuganiza kaye. Pali Emperor's View, pomwe anaimapo Haile Selassie wa ku Ethiopia atabwera mu 1965, ndi Queen's View. Kukakhala kowala mumaona tauni yonse ya Zomba, nyanja ya Chilwa, mpaka phiri la Mulanje lomwelo, ndiye ana mungawalozere kuti uko n'komwe tidzapite mukakula. Koma misewu yopita kumeneko ndi yafumbi, yamiyala. Ngati galimoto yanu ndi ya pansi ngati Sienta kapena Vitz, musaikakamize. Tengani mmodzi mwa anyamata olondolera alendo amene amapezeka cha ku Ku Chawe, mugwirizane mtengo musananyamuke, akuuzani pomwe galimoto yanu ingafike. Ku Chingwe's Hole ine sindingapiteko ndi wa zaka 2 ndi wa zaka 4 nthawi imodzi. Ndi dzenje lakuya pafupi ndi phompho, ndipo ana awiri othamanga amafuna akuluakulu awiri osayang'ana foni.

Tsono za msewu, popeza ndi pomwe maulendo a ana amavutira. Kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde mpaka ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 300. Munthu ali yekha amayenda maola anayi kapena asanu, inu onjezeranipo awiri. Nyamukani cha m'ma 5 koloko m'mawa, muwakweze ali m'zovala zogonera, adzadzukira cha ku Dedza. Pamenepo imani, adye, apite kuchimbudzi, athamangethamange. Ku Dedza Pottery kuli bwalo komanso zimbudzi, n'chifukwa chake mabanja ambiri amaima pamenepo. Pa Lizulu mugule mbatatesi, tomato ndi kabichi ngati kokagona mukadziphikira nokha, koma ana asatsike, pamsika paja magalimoto ndi anthu zimangopiringizana. Ndalama za pa tollgate, pa Kalinyeke ndi pa Chingeni, muziike padera. Mapepala a galimoto, laisensi, COF, inshulansi, matrayango, zikhale pafupi chifukwa ma roadblock ndi ambiri, ndipo palibe chotopetsa ngati kufufuza pepala pansi pa matewera wapolisi ataima pazenera.

Usiku musayende. M1 kukada kumakhala njinga zopanda magetsi, ngolo, anthu ochokera kumsika, malole ofera pamsewu. Mukaona kuti dzuwa likulowa musanafike, gonani pa Liwonde, ndipo pamenepo neti ndi yofunika chifukwa m'mbali mwa Shire udzudzu ndi wosayamba.

Mafuta thirani tanki yodzadza ku Lilongwe, ndipo muwonjezere paliponse pomwe mwawapeza, musadikire kuti singano itsike. Tonse tikudziwa m'mene mafuta amasowera kuno nthawi zina. Pamwamba pa phiri palibe filing'i sitesheni.

Bambo a kunyumba, kapena inuyo ngati ndinu oyendetsa, mumve ichi. Musananyamuke makaniko aone mabuleki, madzi a mu rediyeta ndi tayala la sipeya. Pokwera injini imatentha, makamaka galimoto ikadzadza katundu. Potsika ndi pomwe anthu amalakwitsa: amapondereza buleki njira yonse mpaka mabuleki kutentha n'kusiya kugwira. Ikani giya yotsika, 2 kapena L ngati ndi otomatiki, injini izigwira yokha galimoto, buleki muzingogunda pang'onopang'ono. Mukamva fungo la chinthu chopserera, imani pambali mudikire azizire. Pamakona muziyembekezera anthu otsika ndi nkhuni pamutu kapena panjinga.

Makona omwewo ndi amene amasanzitsa ana. Musawapatse yogati, tchipisi kapena fanta mutatsala pang'ono kuyamba kukwera. Foni ndi tabuleti muwalande pa chigawo chimenecho, aziyang'ana kutsogolo, zenera litsegulidwe pang'ono. Kachidebe kokhala ndi chivindikiro, chitenje chakale ndi zovala zosinthira zikhale m'kati mwa galimoto, osati kubuti pansi pa masutikesi. Ndipo chonde, mwana asakhale pamiyendo pampando wakutsogolo. Ndikudziwa ambiri timatero, koma dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi manja a mayi sangamugwire. Onse atatu kumbuyo, awiri aang'onowo m'mipando ya ana ngakhale yobwereka, wamkuluyo amange lamba.

Kuzizira musakuderere. Pamwamba pa Zomba nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, ndipo mu Ogasiti m'mawa ndi madzulo kumazizirabe kwambiri. Chiperoni chikabwera, kamvula kowaza ndi chifunga zimatha kukhala masiku angapo. Majuzi, zipewa, masokosi, nsapato zotseka zosaterera, ndi bulangete lanu lowonjezera. Mafuta odzola a milomo ndi masaya musaiwale, mphepo yake imang'amba khungu la ana. M'kachikwama ka mankhwala muike panado wa ana, Thanzi ORS, pulasitala, ndi mabuku awo a kuchipatala. Chipatala chachikulu cha Zomba chili m'munsi momwemo, koma kutsika phiri usiku ndi mwana wotentha thupi si zinthu zofuna, ndiye amene wayamba kudwaladwala ulendo usanachitike apimidwe kaye malungo.

Ogasiti mwasankha bwino. Mukachedwa kufika Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa tchire umaphimba zonse, simuona patali. Nthawi ya mvula ndiye ayi, miyala imaterera, mitsinje imadzadza mosachenjeza, ndipo amene anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Marichi 2023 sangapite ndi ana m'munsi mwa mapiri amenewa mvula ikugwa.

Ngati mtima uli pa Mulanje ndithu, gonani ku Zomba masiku awiri, tsiku lotsatira mupite ku Likhubula. Pali msewu wodzera ku Jali ndi Phalombe, funsani madalaivala a minibasi m'mene ulili sabata imeneyo, apo ayi dzerani ku Limbe mutenge wa Midima. Ana akaona minda ya tiyi, mukawagulira zinanazi, ndipo wamkuluyo mukamuuza kuti phiri limeneli linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, akakhala ndi chokanena kusukulu. Kuchoka ku Likhubula kupita ku Dziwe la Nkhalamba ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi kwa akuluakulu, ndi ana muyembekezere kuposa pamenepo. Lembani wolondolera ndi wonyamula katundu pa ofesi ya zankhalango, kuti inu mutsale ndi ntchito yobereka yokha. Pa dziwe penipenipo madzi ake ndi ozizira ngati a mufiriji, ndi akuya, ndipo anthu akhala akumirapo. Ana aviike mapazi m'mphepete mutawagwira dzanja, kusambira ayi, ngakhale muone anyamata akudumphira kuchokera pamiyala. Muyambe kubwerera isanakwane 2 koloko masana.