Phwando la nsomba m'munsi mwa phiri, koma thupi likukana tirigu

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Madokotala ku Blantyre anawapeza ndi matenda a celiac, amene matumbo amawonongeka munthu akadya tirigu, ndipo anawaletsa chilichonse chokhala ndi tirigu. Tsopano kuntchito kwawo akonza phwando lotsekera chaka pa loji ina m'munsi mwa phiri la Mulanje. Chakudya chake ndi buffet, chija munthu amadzitengera yekha m'mbale, ndipo ndiwo zake ndi chambo, kampango, ndi tinyama ta m'nyanja yamchere totchedwa calamari ndi ma prawns a ku Mozambique. Funso lawo ndi ili: "Ndipite kapena ndikhale? Ndikapita ndikadye chiyani? Sindikufuna anzanga azinditi ndine wonyada, komanso sindikufuna kugona sabata yonse ndi m'mimba."

Mayi, pitani. Koma mbale yanu ichokere kukhitchini, isachokere pamzere pamene aliyense akupisa supuni.

Nsomba payokha ilibe vuto. Chambo, kampango, mlamba, usipa, matemba, nkhanu, ma prawns, zonsezi zilibe gluten. Gluten, imene imakudwalitsani, ndi puloteni ya mu tirigu ndi mbewu zofanana naye zotchedwa barele ndi rye basi. Nsima ya chimanga, kondowole, mpunga, mbatata, chinangwa, nandolo, mkhwani wotendera, zonsezi ndi zanu. Pamenepa ife a kuno tili ndi mwayi kuposa anthu a kumayiko kumene buledi ndiye chakudya cha tsiku ndi tsiku. Choopsa chimalowa pakati pa nsomba yaiwisi ndi mbale yanu.

Taonani mmene ophika ambiri a m'malojiwa amakonzera chambo chochotsa minga. Amadula mnofu, kuthira mchere ndi ndimu, kenako kuugubuduza mu fulawa kuti usamatirire pa pani komanso ufiire bwino. Ukafika patebulo sungaoneke kuti uli ndi ufa, umangooneka wokazingika mokoma. Calamari nthawi zambiri amaikuta ndi fulawa kapena nyenyeswa za buledi. Msuzi woyera uja wa bata ndi adyo, ukakhala wolimba wosayenderera, kawirikawiri aulimbitsa ndi fulawa. Supu naye chimodzimodzi. Soy sauce, amene amakonda kuthira mu ma prawns ndi mumpunga wokazinga, nthawi zambiri amapangidwa ndi soya pamodzi ndi tirigu. Timitengo tofiira kunja toyera m'kati tija amati ndi nyama ya nkhanu, timene amaduladula mu saladi, ndi nsomba yogaya yophatikiza ndi sitachi, ndipo sitachiyo nthawi zambiri imakhala ya tirigu. Timakyubu ndi maufa okometsera ndiwo ena ali ndi tirigu, ena alibe. Wodziwa ndi amene wawerenga paketi.

Ndiye pali mafuta. Kutentha sikupha gluten, chifukwa si kachilombo. Tchipisi ndi mbatata chabe, koma ngati akazingira m'mafuta omwe angotulutsamo samusa kapena nsomba yokutidwa ndi fulawa, tchipisicho si chanunso.

Ngakhale ophika atasamala zonsezi, buffet ili ndi vuto lake la anthu. Amene ali patsogolo panu atenga chopanira cha calamari, n'kupanira chambo chowotcha, n'kuchisiya pomwepo. Wina akunyema buledi pamwamba pa mpunga uku akucheza. Palibe amene akuchita dala. Kungoti pakatha theka la ola, mapoto aja amakhala atalawana onse.

Ena adzakuuzani kuti kanyenyeswa kamodzi sikangaphe munthu. Zoona, simungagwe pomwepo. Koma pa matenda a celiac, gluten ikalowa, chitetezo cha m'thupi chimaukira matumbo aang'ono. Tizingwezingwe toyamwa chakudya m'kati mwake timaphwa ngati udzu wa pabwalo la mpira wopondedwa nyengo yonse, ndiye munthu amadya koma thupi osalandira. Mpamene pamachokera kuchepa magazi, kutopa, kutsegula m'mimba ndi kuwonda. Muyezo wa Codex Alimentarius, bungwe loika miyezo ya zakudya padziko lonse, umati chakudya chotchedwa chopanda gluten chisapyole mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Ufa wongotsalira pa supuni ungathe kupyoletsa muyezo umenewo m'mbale yanu. Ndipo ena akadya samva kupweteka kulikonse, chonsecho matumbo akuwonongeka.

Matendawa si atsopano. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, anaona kuti pa njala ya 1944 mpaka 1945, buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabwerera anadwalanso. Padziko lonse amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse. Si matenda a azungu okha ayi. Pakati pa ana a mtundu wa Saharawi, kumpoto kwa Africa, anawapeza ochuluka kuposa ku Ulaya komwe.

Chochita ndi ichi. Kukatsala masiku awiri kapena atatu, imbani foni ku lojiko nthawi ya m'mawa, ntchito isanachuluke, mupemphe kulankhula ndi mkulu wa ophika, osati wolandira alendo. Muwauze momveka kuti: "Bambo, adokotala anandiletsa fulawa, buledi ndi chilichonse cha tirigu, ngakhale pang'ono. Ndikupempha chambo chathunthu cha mchere ndi ndimu basi, chowotcha pa foyilo kapena chokazinga pa pani yotsuka ndi mafuta atsopano, ndi nsima kapena mpunga woyera, ndi masamba opanda zokometsera za m'paketi." Ma prawns mukawafuna, awaphike paokha ndi bata, adyo ndi ndimu. Mumvetsere mmene akuyankhira. Akayamba kukufunsani kuti nanga soseji, nanga msuzi, dziwani kuti amva. Akangoti "musadandaule, zonse zili bwino" osafunsa kanthu, imbaninso.

Ngati zavuta ndipo muyenera kutenga pamzere, khalani woyamba, zivundikiro zikangotsegulidwa. Tengani zimene maso akuzizindikira: nsomba yathunthu yooneka khungu lake, nsima, mpunga woyera, tomato ndi anyezi. Chilichonse chomira mumsuzi chisiyeni.

Pa ma prawns ndionjezepo kanthu kena kosakhudza gluten. Amayenda ulendo wautali kuchokera kunyanja yamchere, ndipo Disembala kuno kumatentha. Akamanunkha mwachilendo kapena akakhala ofewa mophwanyika, musadye. M'mimba mukavuta chifukwa cha iwowo, mudzaganiza kuti ndi tirigu pomwe si iye.

Zakumwa sizivuta kwenikweni. Mowa wa m'mabotolo umapangidwa ndi chimera cha barele, umenewo ayi. Tiyi wathu wa ku Thyolo ndi Mulanje alibe kanthu, thobwa la chimanga ndi chimera cha mawere kapena mapira nalonso lili bwino. Maheu ogula muyambe mwawerenga botolo. Potsitsira, keke asiyireni anzanu, inu mutenge nanazi ndi nthochi, zomwe kuno si zosowa. Zitumbuwa ndi chigumu mufunse kaye, ena amaphatikizamo fulawa.

Nkhani ya kunyada ija imandikhudza, chifukwa kwathu kuno kukana chakudya kumaoneka ngati mwano, ndipo ndikudziwa kuti mayi amatha kudya chomudwalitsa pongoopa maso a anthu. Koma wodwala shuga akakana tiyi wotsekemera, ndani amamunena? Uzani munthu mmodzi yekha, amene akuyendetsa za phwandolo, kuti ndi lamulo la adokotala. Iyeyo angathenso kukulankhulirani ku lojiko, poti ndiye akulipira. Otsalawo mukawauza kuti "tirigu amandidwalitsa" zakwana, simukuyenera kufotokoza za matumbo anu patebulo. Musachoke kunyumba ndi njala, ndipo m'chikwama muikemo mtedza wokazinga kapena mbatata yophika, kuti khitchini ikakukhumudwitsani musakakamizike kutola zokayikitsa.

Munanena mu imelo kuti muli ndi ana. Matendawa amayenda m'magazi: mwa makolo, ana ndi abale a bere limodzi a wodwala, pafupifupi mmodzi pa khumi amapezeka nawo. Mukapitanso kwa adokotala, funsani zoyezetsa anawo. Koma musawaletse buledi ndi mandasi asanayezedwe, chifukwa munthu akasiyiratu tirigu, magazi ake angathe kuonetsa ngati alibe matenda pomwe ali nawo.