Chinjoka cha ku Kaulime ndi tsiku limene ndinachita manyazi pamaso pa apongozi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangosamukira kuno ku Mzuzu pa ntchito. Akuti anzawo a ku ofesi akukonza ulendo wa ku Nyika, ndipo akakaonanso nyanja ya Kaulime. Koma mnzawo wa ku tchalitchi wawauza kuti kumeneko kuli chinjoka cha mizimu, munthu wopemphera sayenera kupondako. Ndiye akufunsa: apite kapena asapite, nanga njira yake njotani?

Mayi, imelo yanuyi ndinaiwerenga ndili pamzere ku banki, ndipo ndinaseka mpaka mlonda anandicheukira. Sindinkaseka inu ayi. Mawu a mnzanuwo ndi omwewo amene ndinalankhula ine ndi pakamwa pangapa, pamaso pa apongozi anga aamuna, moti mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna nthaka itang'ambika ndilowe.

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa ku Rumphi, cha ku Bolero, m'dera la a Chikulamayembe. Chaka china adada, monga timawatchulira apongozi angawo, anabwera kudzakhala nafe ku Katoto miyezi iwiri akulandira mankhwala a miyendo. Atayamba kupezako bwino, tsiku lina m'mawa tikumwa tiyi ndi mbatata anauza mwana wawo kuti, "Mundiperekeze ku Kaulime ndisanafe." Bambo a kunyumba anangoti zii. Ine, mtengwa wosafunsidwa, ndinalumphira nkhani: "Adada, kumeneko si kwa ziwanda kodi?" Mkuluyo anaika kapu pansi pang'onopang'ono, n'kupukuta pakamwa, n'kunena kuti, "Yewo, amama." Basi. Amene munakwatiwa kwa Atumbuka mukudziwa kuti "yewo" ina si yothokoza.

Tinapitabe, mwezi wa Julayi. Galimoto tinabwereka kwa bambo wina wa kuno amene analumbira kuti njolimba, yazolowera njira za kumapiri. Bodza lenileni. Titangodutsa pa Thazima, chipata cholowera ku paki ya Nyika, tayala linaphulika, ndipo la sipeya linali losalala ngati mutu wa dazi. Tinakhala pamsewu maola atatu, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa, ana akulira njala, ine mumtima ndikuti mwaona, zayambika zija ndinkanena. Adada anangokhala pamwala atafunda bulangete, akuloza mapiri ndi ndodo yawo n'kumatchula mayina ake limodzilimodzi, ngati akuitana ana a sukulu.

Mawa lake tinafika ku Kaulime kuchokera ku Chelinda komwe tinagona. Ndinene zoona, ndinakhumudwa. Ukamva mawu akuti nyanja umaganiza za ku Nkhata Bay, mafunde, mabwato, usipa. Kaulime ndi kanyanja kakang'ono, kwathu tikanangoti dziwe, kali duu pakati pa zitunda za udzu. Kutchuka kwake n'kwakuti ndi nyanja yokhayo yachilengedwe pamwamba pa Nyika ponse. Madamu amene mudzaone ku Chelinda anachita kukumba anthu, monganso nkhalango ya paini ya pamenepo inachita kudzalidwa m'zaka za m'ma 1950. M'matope a m'mphepete munali zidindo za ziboda zokhazokha, ndipo patsidya panaima achilembwe anayi akutiyang'ana, makutu ali njo.

Adada anatsika m'galimoto okha, anakana kuwagwira mkono. Anavula chipewa. M'thumba la jekete anatulutsa kapepala ka shuga komwe anakulungamo ufa woyera, sindikudziwa kuti anautapa liti m'khitchini mwanga. Anathira pang'ono pansi, n'kuyamba kutchula mayina m'Chitumbuka chapansipansi. Ena ndinawazindikira, ndi mayina omwe ana anga anapatsidwa. Sizinathe ndi mphindi zisanu zomwe. Atabwerera ndinalimba mtima n'kufunsa za njoka ija. Anati makolo ankakhulupirira kuti m'madzimo mumakhala njoka yaikulu yosunga nyama za pa Nyika, ndipo mvula ikavuta akuluakulu ankakwera kudzapereka nsembe. Kenako anandiyang'ana n'kuti, "Amama, ine ndinakhala mkulu wa mpingo inu musanabadwe. Njoka sindinaione ndipo sindinabwerere njoka. Ndabwera kudzaima pamene agogo anga ankaima."

Apa ndiye pamene pamandiwawa, ndipo mundikhululukire ndikapsa mtima. Nyika inakhala paki mu 1965, yoyamba m'Malawi muno. Mu 1978 boma linaikuza mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000, ndipo midzi ya m'mphepete mwa phiri inasamutsidwa. Banja la adada linali m'gulu limenelo. Anasiya minda, manda, mitengo ya masuku yomwe ankaidziwa umodziumodzi. Tsiku lija pa Thazima ndinawaona akupisa m'thumba kuti alipire ndalama yolowera, ngati mlendo wochokera ku Germany, kumalo kumene mchombo wawo unakwiriridwa. Sindikunena kuti paki njoipa. Pakanapanda paki bwenzi ntchefu ndi mbidzi zija zitathera mumphika, ndipo maluwa a kumeneko, omwe mitundu yake ya ma orchid yokha imapitirira 200, bwenzi atakumbidwa onse n'kuphikidwa chinaka. Koma munthu woti dziko anamulanda kale, ife n'kubweranso kudzamulanda ndi nkhani yake yomwe poitcha ya ziwanda, ayi, zimenezo n'zopanda ulemu. Ndipo amene timafulumira kunena zimenezi ndife a m'tauni, oti ngakhale dzina la agogo a agogo athu sitilidziwa.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti ife a kumwera ndi pakati tili ndi njoka zathu. Ndani sadziwa Napolo? Madzi atagumula phiri ku Zomba mu 1946 anthu anati wadutsa Napolo. Ku Phalombe mu 1991 chimodzimodzi. Ngakhale namondwe Freddy atasakaza mu 2023, m'maminibasi dzina lomwelo linkamveka, ena akulitchula Baibulo lili m'manja. Koma sindinamvepo munthu akuti sapita ku Zomba kapena ku Mulanje poopa Napolo. Anthu amakacheza pa Chingwe's Hole penipeni, dzenje la pa phiri la Zomba lokhala ndi mbiri yoopsa kuposa Kaulime. Njoka ikakhala ya kwanu mumati mbiri ya makolo, ikakhala ya Aphoka, anthu a ku Nyika, mwati ziwanda. Mnzanu wa ku tchalitchiyo mukamufunse kwawo, ndikukhulupirira kuti nayenso ali ndi dziwe lina lomwe agogo ake ankamuletsa kulozako chala.

Ndipo tisanamizane, zambiri mwa nkhanizi zinkagwira ntchito. Malo amene nyama zonse zimadzamwa madzi m'chilimwe, mukawasiya opanda mwini, alenje amaliza nyama m'chaka chimodzi. Mukati pali njoka yolondera, munthu amaganiza kawiri asanatche msampha. Awa ndi maganizo anga, adada sanandiuze choncho, ndipo ndikanawauza bwenzi atandipatsa "yewo" ina.

China chimene ndimadandaula: anthu a mu Mzuzu sitipita ku Nyika. Munthu wabadwira ku Chibavi, wakalambira ku Zolozolo, ku Johannesburg wapitako kasanu, koma phiri la Nganda, lalitali kuposa onse kumpoto kuno, mamita opitirira 2,600, amangolimvera m'buku la sitandade 6. Ena amati n'kodula. N'zoona, galimoto ndi malo ogona zimadya ndalama. Koma ndalama zimene timathera pa bridal shower imodzi zikhoza kukweza banja lonse kuphiriko n'kubwerako ndi chenje. Iyi ndi nkhani ya tsiku lina, azimayi anzanga angandithamangitse pagulu.

Tsono za ulendo wanu

Pitani, mayi. Palibe amene akakuuzeni kuti muthire nsembe, ndipo mukafuna kupemphera pamphepete pa madzipo mukapemphere. Chokhacho, musakaponyemo miyala kapena mabotolo, musakasambemo, ndipo amene akukuperekezani akamafotokoza za njoka musakaseke.

Njira mudzera ku Ekwendeni, kukhota kulowera ku Rumphi boma, kudutsa Bolero mpaka pa Thazima. Mafuta mudzadziretu ku Rumphi, kutsogoloko musayembekezere kuwapeza. Kuchoka pachipata kukafika ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 60 a msewu wafumbi, choncho nyamukani m'mamawa ndipo Sienta isiyeni kunyumba. Mitengo yolowera ndi yogona mufunsiretu musananyamuke. Juni ndi Julayi kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'mawa, kuzizira kwa Mzuzu n'kwamasewera, tengani majuzi awiriawiri. Mukafuna maluwa pitani Januwale kapena Febuluwale, koma matope ake mukawaona. Ku Kaulime pitani m'mawa kwambiri kapena dzuwa likupendeka, ndi pamene nyama zimatsikira kumadzi, ndipo mutenge munthu wa paki.

Tayala la sipeya mukaligwire ndi dzanja lanu musanapereke ndalama kwa mwini galimoto.