Funsani Tikuyankheni: Kodi Za Mufiliza ndi Za Mukabati Zingatifikitse Kumapeto kwa Mwezi?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilenje muno mu Lusaka, ndipo pakhomo tilipo anthu asanu ndi mmodzi pamodzi ndi apongozi anga. Mwezi uno wa Januwale ndalama zathera ku lendi, mayunifomu, nsapato ndi mabuku a ana, moti ndatsala ndi K500 yokha, chonsecho malipiro a abambo a kunyumba adzabwera pakapita masiku 18. Mufiliza muli nkhuku imodzi yotsala pa Khirisimasi, nyama yogaya pang'ono, nsomba ziwiri za bukabuka, ndi timapaketi tina timene sindikukumbukira kuti ndinaikamo liti. Mukabati muli theka la thumba la ufa la makilogalamu 25, nyemba za kabulangeti, kapenta, mpunga, mtedza, soya ndi zitini ziwiri za nsomba. Magetsi kwathu amazimazima. Ndiyambe kuphika ziti, ndipo ndingadziwe bwanji zimene zawonongeka?

YANKHO: Amayi, choyamba khazikani mtima pansi, chifukwa zimene mwatchulazi n'zambiri kuposa mmene zikuonekera pamene munthu ali ndi nkhawa. Ntchito yanu yoyamba si ya pamoto ayi, koma ya pepala ndi cholembera. Masiku 18, mukawerengera chamasana ndi chamadzulo, ndiye kuti mukufunika ndiwo maulendo 36, ndipo nambala imeneyi muilembe pamwamba pa pepala. Kenako tulutsani zonse za mukabati, muziyale patebulo, ndipo pa chinthu chilichonse musalembe kuti "kapenta" chabe, koma kuti "kapenta, maulendo asanu". Munthu akamawerenga mapaketi amangodandaula, koma akayamba kuwerenga maulendo ophika amaona msanga pamene pali mpata ndi pamene ndalama ziyenera kupita.

Mukatero mudzapeza kuti chimene chikupereweradi si ndiwo koma ufa. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene limatulutsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zinthu zofunika pabanja mu Lusaka, limawerengera matumba awiri a makilogalamu 25 pa banja la anthu asanu pamwezi, choncho theka lanulo silingapitirire kwenikweni sabata imodzi ngati nsima ikuphikidwa kawiri patsiku. Langizo langa ndi lakuti pa K500 yanuyo muyambe mwagula ufa, ndipo mugule thumba, ngakhale la makilogalamu 10, osati timapamela, timapaketi ting'onoting'ono ta ufa togula tsiku ndi tsiku, chifukwa pamela amaoneka wotchipa m'manja koma pakutha pa sabata amadya ndalama zambiri. Ufa wa rola ndi wotsikirapo mtengo kuposa bulekifasi komanso umakhutitsa. Ndalama yotsalayo ikhale ya makala, mafuta pang'ono, mchere, tomato, anyezi ndi masamba, amene nyengo ino ya mvula sasowa: chibwabwa, kalembula ndi bondwe mudzazipeza pa msika wa pafupi, ndipo ngati njira yanu imadutsa ku Soweto Market m'mawa, kumeneko milu imakhala yaikulupo.

Tsopano tibwere ku filiza, pakuti apa ndi pamene ndikufuna kuti tikhalitse. Ambiri a ife timaona filiza ngati nkhokwe yoti tidzatsegule zinthu zikafika povuta kwambiri, ndipo timayamba kudya nyemba ndi kapenta n'kumasunga nkhuku. Kumene magetsi sazima, maganizo amenewa alibe vuto, koma ife tinaphunzira mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku damu la Kariba, kumene amapanga magetsi, ndipo nyumba zambiri zinkakhala maola ochuluka opanda magetsi, kuti nyama yosungidwa ingathe kutayika tsiku limodzi. Nyemba zouma, kapenta, soya ndi zitini zidzakudikirani mpaka sabata yomaliza, pamene za mufiliza zili pa chiopsezo tsiku lililonse. Choncho yambani ndi za mufiliza, ndipo pakati pa izo yambani ndi nyama yogaya, kenako nsomba, nkhuku ikhale yomaliza. Nyama yogaya imawonongeka msanga chifukwa tizilombo timene timakhala pamwamba pa nyama timasakanikirana ndi nyama yonse pogaya, ndipo ngakhale mufiliza yabwino kukoma kwake kumayamba kutha pakapita miyezi itatu kapena inayi, pamene nkhuku yathunthu ingakhale pafupifupi chaka ikakhala youma gwa pa madigiri 18 pansi pa ziro.

Timapaketi tosadziwikato mutitulutse kamodzikamodzi ndi kutiyang'ana bwino. Mukaona nyama yachita mawanga otuwa, youma ngati chikopa m'mbali, musaitaye, chifukwa kumeneko n'kuuma ndi mphepo yozizira chabe. Dulanipo pouma paja, yotsalayo muiphike ndi msuzi wambiri. Chimene muyenera kuchiopa ndi paketi imene pansi pake pali magazi kapena madzi ofiira amene anaundana kukhala chibuma, komanso nyama imene yasintha maonekedwe n'kutenga mpangidwe wa pansi pa filiza, pakuti zimenezi zikusonyeza kuti inasungunuka kenako n'kuumanso. Ngati simukudziwa kuti inakhala yosungunuka nthawi yaitali bwanji, makamaka ikakhala nsomba kapena nyama yogaya, itayeni, ndipo musailawe n'komwe. Mphuno yokha si mboni yokwanira, chifukwa tizilombo tambiri toyambitsa kutsekula m'mimba sitisintha fungo, komanso poizoni wina amene tizilomboti timasiya samatha ndi moto. Ndikudziwa kuti kutaya nyama m'mwezi ngati uno kumapweteka mtima, koma pakhomo panu pali ana ndi munthu wachikulire, amene matenda a m'mimba amawafooketsa msanga, ndipo ulendo umodzi wa kuchipatala ndi mankhwala ake ungamalize K500 yonse ija.

Magetsi akazima musatsegule chitseko mwachisawawa. Filiza yodzaza imasunga kuzizira pafupifupi maola 48 ikakhala yotseka, ya theka pafupifupi maola 24, pamene filiji wamba imangopirira maola anayi. Popeza mukhala mukuchotsamo zakudya, mpata umene ukutsala muzidzazamo mabotolo a madzi, osawadzaza mpaka kukamwa kuti asaphulike, ndipo akaundana adzathandiza kusunga zotsalazo. Chakudya chimene chidakali ndi timiyala ta ayezi mkati mungachiumitsenso popanda mantha.

Nkhuku ija musaidye yonse tsiku limodzi ngati ya alendo. Isungunuleni mufiliji pafupifupi tsiku lathunthu, m'mbale yakuya kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina, osati pa dzuwa kapena pa sinki. Mukaiphika, gawani patatu: zidutswa za tsiku loyamba, nyama yonyotsola yoti musakanize ndi kabichi kapena mpunga, ndi msana, khosi ndi mapiko zoti muwiritse kukhala msuzi wothira mu soya, amene ana amamukana akaphikidwa ndi madzi okha. Zophikaphika zisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo potenthetsa zizifika pobwadamuka. Mpunga wotsala ndiwo umafuna kusamala kwambiri: uzizire msanga, ulowe mufiliji, ndipo udyedwe tsiku lotsatira.

Za mukabati sizivuta. Nyemba muziviika usiku kuti zisamalize makala, ndipo muziphika mphika waukulu wa maulendo awiri kapena atatu. Mtedza musinje kukhala nsinjiro, chifukwa masamba otendera ndi ndiwo yokwanira payokha yosafuna mafuta, ndipo supuni imodzi mu phala la m'mawa imalowa m'malo mwa buledi ndi majarini. Nsima yotsala musaitaye. Chimbala chotenthetsa bwino ndi tiyi chinalera ambiri a ife. Zitini zikhale za masiku awiri omaliza, pamene makala ndi ndalama zidzakhala zitatheratu.

FUNSO: Ine ndine bambo wa ku Matero. M'nyemba zathu mwalowa anankafumbwe, mtedza wina wachita nkhungu, ndipo chitini china chadutsa tsiku lolembedwa pansi pake. Kodi zonsezi n'zotaya?

YANKHO: Ayi bambo, si zonse. Anankafumbwe amanyansa koma alibe poizoni, choncho yanikani nyembazo pa dzuwa, muzipete, musankhe zobooka kwambiri, ndipo poviika zoyandama muzitaye. Ngati magetsi alipo, kuziika mufiliza masiku anayi kapena kuposerapo kumapha tizilomboto, ndipo mukatero muzisunge m'chigubu chotseka bwino. Pa chitini, werengani mawu ake: "best before" akunena za kukoma, kotero chitini chosatupa, chosachita dzimbiri ndi chosabooka chingadyedwe ngakhale tsikulo litadutsa, pamene "use by" akunena za chitetezo ndipo sayenera kunyalanyazidwa. Chitini chotupa, chodontha, kapena chimene chikupopera madzi potsegula, chitayeni osalawa.

Mtedza wa nkhungu ndiye nkhani ina, ndipo pamenepa sindikunyengererani. Nkhungu ya mtedza ndi chimanga imatha kutulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndi kulepheretsa ana kukula bwino, ndipo satha ngakhale mukazinge kapena kuwiritsa. Mukumbukira kuti mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unachenjeza dziko lonse za poizoni ameneyu atapezeka mu ufa wina wa m'masitolo, agalu ambiri atafa. Thirani mtedzawo m'lichero pamalo owala, muchotse uliwonse wakuda, wofota, wosweka kapena wa ufa wobiriwira, ndipo ngati nkhungu yafalikira kapena thumba lonse likununkha chinyezi, tayani lonse. Musapatse nkhuku kapena agalu, ndipo mtedza umene mudzagulenso muusunge pamalo ouma, pamwamba pa thabwa osati pa simenti, makamaka miyezi ino ya mvula.