Mafunso Anu: Dikoda, Batani Lofiira ndi Kajambulidwe ka Mapulogalamu a Kanema

Makalata ambiri ulendo uno akukhudza wailesi yakanema. Mayankho akonzedwa ndi amisiri a zoulutsa zithunzi pamodzi ndi akonzi a mapulogalamu.

FUNSO: Kale signal ikafooka chithunzi chinkangochita madonthomadontho koma ndinkaonerabe. Chigulireni dikoda, chithunzi chimaima, n'kusweka timabokosi, kenako zii. Ndigule dikoda ina?

YANKHO: Ndalama zanuzo zisungeni kaye bambo, dikodayo mwina ilibe mlandu. Kanema wa analogi ankafooka pang'onopang'ono limodzi ndi mafunde ake. Wa dijito amatumiza manambala, ndipo pa manambalawo amawonjezerapo ena othandiza dikoda kukonza zimene zawonongeka m'njira. Zowonongeka zikakhala zochepa, dikoda imakonza zonse inu osadziwa kanthu, chithunzi chili mbee. Zikangopyola mlingo umene ingathe, chithunzi chimasweka kapena kuzimiratu pomwepo.

Lowani pa menu, mupeze pamene pamaonetsa signal. Pali mizere iwiri: strength, yomwe ndi mphamvu ya mafunde, ndi quality, yomwe ikuonetsa ngati mafundewo afika osasokonezeka. Maso anu akhale pa quality. Strength ikhoza kudzaza mzere wonse quality ili pansi, ndipo zikatero ndiye kuti mwalowa zosokoneza kapena mphamvu yachulukitsa.

Yambirani kuchingwe, poti matenda ambiri amabisala kumeneko. Choyenera ndi coaxial ya 75 ohm, makamaka RG6. Zingwe zopyapyala zija zimataya mphamvu yambiri pa mafunde a UHF, makamaka zikatalika. Masulani pulagi muone ngati kawaya kena ka zija zolukana zakunja kakukhudza waya wapakati. Kamodzi kokha kakakhudza, signal yathera pomwepo. Kwerani muonenso pamene chingwe chalumikizana ndi eriyo. Mkuwa ukada kapena ukachita zobiriwira, madzi analowa: dulani mbali imeneyo, lumikizaninso, mukulunge ndi tepi yosalowa madzi. Chingwe chizigwa pansi pang'ono chisanalowe pakhoma kuti madzi a mvula azidonthera panja. Ndipo ngati mwagawa signal ku ma TV awiri ndi splitter, iliyonse ikulandira mphamvu yosakwana theka.

Kenako eriyo. Ikhale ya UHF, iloze kumene kuli nsanja youlutsira, ndipo timizati take tigone kapena tiimirire mofanana ndi mmene nsanjayo ikutumizira. Itembenuzeni pang'onopang'ono, muziima masekondi angapo wina akukuwerengerani quality, chifukwa dikoda imachedwa kusintha nambala. Kuikweza mita imodzi kapena awiri nthawi zina kumaposa kugula yaikulu.

Booster musaikhulupirire kwambiri. Imakuza mafunde pamodzi ndi zosokoneza zomwe, ndipo kwa amene ali pafupi ndi nsanja imangochulutsira dikoda mphamvu mpaka kusokonezeka. Ngati vuto linayamba atangomanga nsanja ya mafoni chapafupi, chofunika ndi sefa ya LTE yoikidwa pakati pa eriyo ndi booster, yotchinga mafunde opyola 694 kapena 790 MHz malinga ndi mmene dziko lanu linagawira.

FUNSO: Anatisinthira ku dijito chifukwa chiyani? Ndipo TV yanga inalembedwa kuti ndi digital, bwanji siikugwira matchanelo payokha?

YANKHO: Nkhani yake ndi ya malo, poti mafunde oulutsira ndi owerengeka. Mu 2006 ku Geneva, mayiko a ku Ulaya, Africa ndi Middle East anagwirizana kudzera m'bungwe la ITU, loona za mafunde pa dziko lonse, kuti pofika pa 17 June 2015 asamuke kuchoka ku analogi pa UHF, ngakhale ambiri anachedwa. Malo a 8 MHz amene ankanyamula tchanelo chimodzi cha analogi, pa DVB-T2, njira youlutsira dijito kuchokera pa nsanja, atha kunyamula deta yofika pafupifupi 40 Mbit pa sekondi. Tchanelo wamba chimafuna pafupifupi 2 Mbit pa sekondi, cha HD chimafuna katatu kapena kanayi kuposa pamenepo. Malo amene anatsala, a 700 ndi 800 MHz, anapita ku intaneti ya m'mafoni.

Pali choipa chake. Eni nsanja akapanikiza matchanelo ambiri pamalo amodzi, chilichonse chimalandira zochepa. Wowerenga nkhani amaoneka bwinobwino poti sakusuntha, koma pa mpira kamera ikathamanga, udzu umasanduka phala. Pamenepo musavutike n'kukwera padenga, vuto lili kwa oulutsa.

Za TV yanuyo, mayi, mawu akuti digital paokha satanthauza zambiri. Pali DVB-T yakale ndi DVB-T2, ndipo TV ya DVB-T siingamve DVB-T2. Ku United States amagwiritsa ntchito ATSC, ku Japan ndi Brazil ISDB-T, choncho TV yopangidwira kumeneko singagwire kanthu kumene kuli DVB-T2. Palinso kapanikizidwe ka chithunzi: MPEG-2, H.264 ndi HEVC. Mukamamva mawu chithunzi chili bii, nthawi zambiri TV yagwira tchanelo koma siidziwa kumasula mtundu wa chithunzicho. Mankhwala ake ndi dikoda, osati kutaya TV.

FUNSO: Mvula ikangoyamba dishi imasiya kuonetsa. Pali chochita?

YANKHO: Setilaiti ili pamtunda wa makilomita 35,786, ndipo mafunde ake a Ku, a pakati pa 10.7 ndi 12.75 GHz, amamwedwa ndi madontho a mvula. Pa chimvula champhamvu kuzima kwa mphindi zingapo sikupeweka. Koma ngati ikuzima ndi mvula yowaza, dishi yasuntha pang'ono, LNB (kachida kolandira mafunde kutsogolo kwa dishi) yapotoka, kapena kachivindikiro kake kang'aluka n'kulowa madzi. Mmisiri ailozetsenso kukacha bwino mpaka quality ifike pamapeto, amange mabawuti zolimba. Dishi ya masentimita 90 imatola mafunde opitirira kawiri kuposa ya 60. Nthawi zina kwanu kuli dzuwa koma kukugwa mvula kumene amatumizira zithunzi kupita ku setilaiti. Apo palibe chimene mungakonze.

FUNSO: Ndikamaonera mpira pa intaneti, oyandikana nawo amakuwa chigoli ine mpira ukadali pakati. Ndi netiweki yanga? Komanso bandulo imatha msanga.

YANKHO: Ngakhale netiweki itakhala yothamanga bwanji, kuchedwako kumakhalapobe. Pa intaneti chithunzi chimadulidwa m'zidutswa za masekondi angapo, kawirikawiri 6, ndipo foni kapena TV yanu imayamba yasonkhanitsa zidutswa ngati zitatu isanayambe kuonetsa, kuti netiweki ikadodoma chithunzi chisaime. Mukaphatikiza ndi nthawi yopanikizira chithunzi, mumatsalira ndi masekondi 20 mpaka 40, mwinanso kuposa. Chithunzi chikaima n'kuyambanso, mumatsaliranso kwambiri, ndiye dinani batani la live kuti mubwerere kutsogolo. Makampani ena akutumiza tizidutswa tating'onoting'ono kuti achepetse kuchedwaku, koma njira imeneyo imafuna netiweki yokhazikika. TV yaikulu ilumikizeni ku rauta ndi chingwe m'malo mwa Wi-Fi.

Za bandulo, samu yake ndi yosavuta: 1 Mbit pa sekondi imadya 450 MB pa ola. HD ya 5 Mbit pa sekondi ndi 2.25 GB pa ola, ndiye masewero a maola awiri ndi 4.5 GB. App ikasiyidwa pa auto imasankha chithunzi chapamwamba chimene netiweki ingathe, osaganizira thumba lanu. Pafoni ikani 480p. Pagalasi laling'ono chonchi kusiyana kwake n'kochepa.

FUNSO: Ndamva kuti pa ma TV ena ukadina batani lofiira umatha kuyambitsanso pulogalamu kapena kuvota. Pa yanga silichita kanthu.

YANKHO: Mafunde a nsanja kapena setilaiti amayenda njira imodzi, kubwera kwa inu. Kuti TV iyankhe pamafunika njira yobwerera, ndipo lero njirayo ndi intaneti. Ceefax ya BBC, njira yoonetsa masamba a nkhani zolembedwa pa TV, yomwe inayamba mu 1974 n'kutsekedwa mu 2012, inkaoneka ngati ikukumverani, koma masamba ake ankangozungulira m'mafunde TV n'kutola limene mwasankha.

Zimene mwamvazo zimayendera HbbTV, njira imene inakhazikitsidwa ku Ulaya mu 2010. Wailesi imabisa kaadiresi m'mafunde a tchanelo, TV imakawerenga n'kukatenga app pa intaneti, n'kuiika pamwamba pa chithunzi. Kuti zitheke, TV ikhale yodziwa HbbTV, mbali imeneyo ikhale yoyatsidwa pa menu, intaneti ikhale yolumikizidwa, ndipo wailesiyo ikhale kuti ikutumizadi kaadiresiko. Pamene ambiri amakodwa ndi apa: tchanelo chizilowa kudzera pa eriyo ya TV yeniyeniyo. Chikadzera m'dikoda pa HDMI, TV imangolandira chithunzi ndi mawu, kaadiresi kaja sikafika. Dziwaninso kuti njira yobwerera yomweyo imathandiza wailesi kudziwa kuti TV yanu ili pa tchanelo chawo, choncho werengani zimene TV ikukufunsani musanavomere.

Pa zovota, kaya ndi SMS kaya app, yang'anani nthawi yotsekera. Woonera pa intaneti kapena pulogalamu yobwereza akhoza kuvota atatseka kale, ndipo kwina ndalama zimadulidwabe.

FUNSO: Ndife gulu la achinyamata. Tinajambula pulogalamu ndi mafoni abwino, koma wailesi ina inaibweza kuti siyikukwanira pa zaumisiri. Tinalakwitsa pati?

YANKHO: Musanajambule kalikonse, pemphani wailesiyo pepala la zimene imafuna pa fayilo. Iliyonse yolongosoka ili nalo. Popeza sitinaone fayilo yanu, titchula malo amene ntchito zotere zimagwera kawirikawiri.

Poyamba ndi mafulemu, zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kanema. Kumene magetsi ndi a 50 Hz, kanema amayenda pa mafulemu 25 pa sekondi, koma mafoni ambiri amabwera ali pa 30. Mukasintha 30 kupita ku 25 pokonza, kamera ikamayenda chithunzi chimachita ngati chikudumpha. Choipa china, foni imasinthasintha liwiro la mafulemu payokha, makamaka kukada kapena ikatentha, ndiye pakapita mphindi khumi milomo ndi mawu zasiyana. Pezani app yojambulira yolola kukhoma 25, ndipo mafayilo onse muwasandutse a liwiro lokhazikika musanayambe kudula. Shutter, nthawi imene kamera imalandira kuwala pa fulemu iliyonse, ikhale pa 1/50 kapena 1/100 ya sekondi kuti magetsi asamaphethire pachithunzi. Jambulani foni itagona, 1920 kwa 1080. Khomaninso white balance (muyeso wa mitundu) ndi kuwala pa kamera zonse, apo ayi nkhope ya munthu mmodzi izisintha mtundu mukachoka pa kamera iyi kupita pa inayo.

Koma chimene chimabwezetsa mapulogalamu ambiri ndi mawu. Oonera amapirira chithunzi chosalongosoka. Mawu osamveka amawathawitsa pomwepo. Maikolofoni ya m'foni ili kutali ndi wolankhula, imatola chipinda chonse. Gwiritsani ntchito maikolofoni yobaya pamalaya, masentimita ngati 20 pansi pa kamwa, osakhudzana ndi mkanda kapena nsalu yokhuthala. Jambulani pa 48 kHz, wina akumvetsera ndi mahedifoni nthawi yonse, osati kungoyang'ana mizere ikukwera. Kamera ndi chojambulira mawu zikayamba, wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera kuti podzalumikiza mudzapeze poyambira. Mukamaliza, onse akhale chete masekondi 30 mujambule phokoso la chipindacho, lodzatsekera mipata podula.

Kukwera kwa mawu nako kuli ndi muyeso. Mawailesi ambiri amatsata EBU R128, ya mu 2010, yomwe imafuna kuti pulogalamu yonse ikhale pa -23 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu) ndipo nsonga zake zisapyole -1 dBTP. Muyesowu unabwera chifukwa cha madandaulo akuti zotsatsa malonda zimaphulika kuposa pulogalamu. Za pa YouTube zimakhala zokwera kuposa pamenepa, ndiye tulutsani mafayilo awiri, ina ya wailesi, ina ya pa intaneti.

Zolemba monga mayina zisayandikire m'mphepete. Siyani mpata wosachepera 5 peresenti mbali zonse. Utali ukhale ndendende umene munagwirizana, ndi malo opumira otsatsira malonda. Nyimbo za eni zimafuna chilolezo cholembedwa, chimodzimodzinso anthu ooneka m'pulogalamu, makamaka ana. Fayilo musaitumize ngati vidiyo pa WhatsApp, imafinyidwa mpaka kutha ntchito. Sunganinso kope lopanda zolemba, mawu a anthu ali paokha nyimbo paokha. Wina akadzafuna kuiika m'chinenero china, kope limenelo ndi limene adzagule.

FUNSO: Masiku ano atolankhani amaulutsa pompopompo atangobereka kachikwama. Galimoto za dishi zija zinapita kuti?

YANKHO: Zilipo, makamaka pa zochitika zikuluzikulu, koma kachikwamako katenga ntchito yambiri. Muli ma SIM angapo a makampani osiyanasiyana. Makina amagawa chithunzi pa ma SIM onsewo, ku situdiyo kompyuta n'kuchilumikizanso. Netiweki imodzi ikagwa, zina zimanyamula. HD yabwino imafuna 5 mpaka 8 Mbit pa sekondi yotumiza (upload), osati yolandira (download), ndipo apa anthu amasokoneza poyesa liwiro.

Chimene chimapha ntchitoyi ndi khamu. Mumayesa m'mawa bwalo lili pululu zonse zili bwino, anthu akadzaza aliyense ndi foni yake netiweki n'kufa. Njira yake ndi kuwonjezera kuchedwa pa makinawo kufika masekondi atatu kapena asanu kuti apeze mpata wotumizanso zotayika, kutsitsako Mbit, ndi kupempheratu chingwe cha intaneti pamalopo ngati chilipo. Kuchedwako kukakula, wa mu situdiyo ndi mtolankhani amalankhulana modutsana, choncho mawu obwerera m'khutu mwa mtolankhani azidzera pa foni wamba, ndipo asakhalemo mawu ake omwe, apo ayi azidzimva yekha mochedwa n'kuyamba kudodoma.