Yankho kwa achemwali ofuna buledi wabwino ku Joni

Achemwali a ku Bembeke, mwalemba kuti mwatha miyezi isanu ku Johannesburg ndipo buledi aliyense amene mukugula akukoma chimodzimodzi, wofewa ngati thonje, mukadya m'mawa pofika 10 koloko njala yabweranso. Mukufunsa komwe mungapeze buledi wogwira pamimba komanso wamitundumitundu. Ndikuyankheni ine. Ndinakhala kumeneko zaka 9, poyamba pa ntchito ya m'nyumba, kenako m'khitchini ya malo ena odyera, ndipo pano ndinabwerera kuno ku Dedza.

Lilime lanu silikunama. Buledi wodulidula wa m'mapepala apulasitiki uja amapangidwa m'mafakitale, komwe makina amakanda ufa mothamanga kwambiri, ndi yisiti wambiri, kuti utupe m'kanthawi kochepa. Njira imeneyi inayambira ku Chorleywood, ku England, mu 1961. Ufa wokanda ukapanda kupatsidwa nthawi sukhala ndi fungo, ndiye kaya pepala lake ndi lofiira kaya labuluu, m'kamwa ndi yemweyo. Sindikumunyoza ayi, anatisunga pa masiku ovuta, makamaka wabulauni amene boma la South Africa silimuikira msonkho wa VAT. Koma amene mukumufuna inuyo sali pa shelefu imeneyo. Ali m'madera momwe mukukhala anthu amene anachoka kwawo ngati ifeyo, n'kubwera ndi kaphikidwe ka makolo awo.

Yambirani kwa Apwitikizi, chifukwa buledi wawo ife a m'malire timamudziwa kale. Amene munawolokako pa Calomue kupita ku Ulongwe, kapena kugula zinthu tsidya la msewu pa Lizulu, mukukumbukira pão uja, wakhungu lolimba lothetheka, m'kati muli mofewa mwa timabowo. Kummwera kwa mzinda, ku Rosettenville ndi ku Turffontein, kunakhazikika Apwitikizi ambiri, ena ochokera ku Madeira, ena amene anachoka ku Mozambique ndi ku Angola cha m'ma 1975. Mabekale awo ena alipobe, ndipo ngakhale m'masitolo akuluakulu mukafunsa Portuguese rolls akupatsani. Koma lawirirani. Pão amakoma akangotuluka mu uvuni, pofika madzulo wayamba kuuma. Tsiku loyamba limene ndinamupeza ku Rosettenville ndinangoima panja pa bekale n'kumudya wosapaka kanthu, misozi ili m'maso, chifukwa fungo lake linali la kwathu, la m'mawa wa chisanu pa boda bambo anga akundigulira ndili mwana.

Mukafuna wosiyana kwenikweni pitani ku Fordsburg ndi ku Mayfair. Kumeneko kuli Amwenye, anthu a ku Pakistan, a ku Bangladesh ndi a ku Somalia. Buledi wotchedwa naan amamuphika inu mukuona, akumumata m'mbali mwa ng'anjo yadothi yotchedwa tandoor, mphindi zochepa wapsa. Roti ndi paratha ziliponso, ndipo zimayenda bwino ndi nyemba kapena ndiwo za msuzi, moti tsiku lotopa simufunikanso kukoleza moto wa nsima. M'tauni, mu msewu umene anthu amautchulabe Jeppe, muli anthu a ku Ethiopia ogulitsa injera. Uyu ndi wopyapyala, wotambalala ngati lichero, wopangidwa ndi ufa wa mbewu yotchedwa teff umene amausiya masiku awiri kapena atatu kuti usase. Anzanga ena ankamukana kuti ndi wowawasa, koma munthu amene anakulira thobwa logona sangadabwe naye. M'tauni muzipita masana, ndipo ulendo woyamba mutengane ndi wina wodziwa njira.

Kumpoto, ku Norwood ndi ku Glenhazel, kuli mabekale a Ayuda, amene ambiri makolo awo anachokera ku Lithuania. Lachisanu amaphika buledi wolukidwa ngati tsitsi, wamazira, amene kumeneko amamutcha kitke. Alinso ndi buledi wa ufa wa mbewu yotchedwa rye, wakuda ndi wolemera, amene magawo awiri okha ndi chiponde amakufikitsani masana. Ngati vuto lanu lalikulu ndi njala ya 10 koloko ija, ameneyu ndiye mankhwala ake, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Musaiwalenso za eni dziko: magwinya a pa siteji ya taxi ndi abale ake a mandasi, ndipo ujeqe kapena dombolo, buledi wophikidwa ndi nthunzi mu poto, anzanu achizulu ndi achisotho angakuphunzitseni Loweruka limodzi.

Chimene ndikufuna mutengepo kwambiri ndi kuphika nokha, chifukwa thiransipoti yopita ku Fordsburg sabata iliyonse ingakudyereni ndalama zotumiza kumudzi. Buledi amene m'masitolo a anthu olemera amamutcha sourdough, n'kumuika mtengo wa mabuledi atatu, chinsinsi chake ndi chomwe amayi athu amachidziwa pa thobwa: ufa ndi madzi zikagona zimasasa zokha. Tengani botolo, muikemo masipuni atatu a fulawa ndi madzi okwanira kuti zikhale ngati phala lolimba, muvundikire ndi kansalu. Tsiku lililonse muzitayako theka n'kuonjezera fulawa ndi madzi ena. Pakatha sabata muona thovu ndipo fungo lake likhala lowawasa bwino. Fulawa wabulauni, wosachotsa gaga, amadzuka msanga kuposa woyera. Ndi mtundu wa ufa umene ungatuluke mutagayitsa tirigu wa ku Tsangano osamusefa.

Pophika, sakanizani magalamu 500 a fulawa, mamililita 350 a madzi, magalamu 100 a chofufumitsa cha m'botolo chija ndi magalamu 10 a mchere. Sikofunika kukanda mpaka thukuta. Muzingopinda ufawo ndi manja onyowa katatu kapena kanayi, mukupumira theka la ola pakati pake, kenako muusiye mpaka utupe pafupifupi kuwirikiza. Muuumbe, upume pang'ono, muuike mu poto wachitsulo wotentha kale wokhala ndi chivundikiro. Uvuni ikhale pa madigiri 230, mphindi 20 chovundikira, mphindi zina 20 kapena 25 chovundukula. Magetsi akathima musadandaule, ikani potoyo pa mbaula ya makala ochepa, ena muwaike pamwamba pa chivundikiro, monga timachitira ndi chigumu. Wanga woyamba anapserera pansi chifukwa ndinachulutsa makala, ndiye moto wambiri uzikhala pamwamba.

Nyengo isakusokonezeni. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, Dedza pafupifupi 1,600, choncho mu June ndi July kumazizira ngati kwathu, ndipo usiku kumaposanso. M'miyezi imeneyo ufa umachedwa kutupa, mwina usiku wonse, ndiye muziufunditsa bulangete n'kuuika pafupi ndi pophikira. Mu December maola asanu kapena asanu ndi limodzi akwana, mukauiwala usasa mopitirira.

Buledi wopanda mankhwala sakhalitsa, ndipo mufiriji amauma msanga kuposa pa tebulo. Muduleni magawo, musiye wa masiku awiri mutamukulunga pa nsalu, wotsalayo muumitse mufiriza. Pão wadzulo muwazeni timadzi n'kumuika mu uvuni mphindi zisanu, khungu lija libwerera.

Mutiuze dera limene mukukhala, achemwali, chifukwa ngati muli cha kummwera, ku Rosettenville mukafika ndi taxi imodzi, koma ngati muli ku Diepsloot kapena ku Cosmo City ndi bwino muyambe ndi botolo lija mawa lomwe.