Fayilo ili kumtunda, koma miyezi itatu ikutha

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa ku pulayimale, anakhoza intaviyu yokwezedwa giredi, kalata yake anailandira bwinobwino, kenako pa 14 Malichi kunabwera kalata ina yoti kukwezedwa kuja kwathetsedwa, chifukwa osatchula. Pano tili mu Meyi, mtsikanayo wangotha ndalama za minibasi kuyendera maofesi, uyu akuti fayilo ili kumtunda, uyo akuti bwana ali ku workshop bwerani Lachiwiri. Mayiwo akufunsa ngati kukhoti kungathandize.

Mayi, kungathandize, koma osagona. Chiganizo cha ofesi ya boma ngati chimenechi amachitsutsa ku High Court kudzera njira yomwe maloya amati judicial review, ndipo malamulo a khotilo a 2017, pa Order 19, amati pempho lilowe mwachangu komanso pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe chiganizocho chinapangidwa. Ndiye kwa inu tsiku lake ndi cha pa 14 Juni. Osati kuyambira tsiku lomwe abwana adzakuyankheni, ayi, kuyambira pa kalata ija. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonyera, amalemba kalata yodandaula, kudikira, kulembanso ina yokumbutsa, kudikiranso, akamafika kwa loya papita chaka ndipo loya amangopukusa mutu. Jaji ali nayo mphamvu yowonjezera nthawi inde, koma amafuna chifukwa chomveka, ndipo "ndimadikira yankho la abwana" si chifukwa choti munthu nkuchidalira.

Chinanso, jaji sakaona ngati mwana wanu amaphunzitsa bwino kapena ayi. Akaona ngati amene anathetsa kukwezedwako anali nazo mphamvu zotero, ngati anamupatsa mpata wonena mbali yake, ngati anatsata ndondomeko. Gawo 43 la Konsitityushoni limati munthu apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chiganizo cha boma chakhudza ufulu wake kapena zomwe amayembekezera moyenera, ndiye kalata yopanda chifukwa ija muisunge ngati dzira, ndi envulopu yomwe ngati ili ndi chidindo. Sabata ino alembe kalata yopempha zifukwazo, asunge kope losayinidwa kuti alandira, koma asadikire yankho, tsiku lomwelo ayambe kusaka loya. Poyamba pamafunika kupempha chilolezo cha khoti, pali zikalata zolumbira zoti zikonzedwe, sizinthu zoti loya nkuzimaliza usiku umodzi pa 13 Juni.

Ndikudziwa mukuganiza za ndalama, malipiro a mphunzitsi timawadziwa tonse. Pitani ku Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi kuthandiza anthu omwe sangakwanitse loya wolipira. Kwa Ombudsman kudandaula ndi kwaulere, koma musatenge ngati mukapita kumeneko ndiye kuti nthawi ya kukhoti yaima.

Loya akhoza kukuuzaninso kuti nkhaniyi ndi ya pakati pa wolemba ntchito ndi wantchito basi, yoyenera ku Industrial Relations Court, chifukwa majaji amakana judicial review pamene pali njira ina yoyenera. Zimenezo aweruze ndi loyayo ataona makalata onse awiri, osati anzake a mu gulupu ya WhatsApp ya aphunzitsi. Ndipo kwa inu ena mukuwerenga omwe mwachita kuchotsedwa ntchito, Employment Act ya 2000 nayo imapereka miyezi itatu yomweyo yokadandaula kwa ofesala wa leba wa m'boma lanu.

Mayi, mumuuze mwana wanu ajambule makalata awiriwo pa foni lero lomwe, enieniwo asamawasiye pa desiki ya munthu aliyense.